Kachilombo sikakuoneka m'magazi, nanga tulo tapita kuti?

Mphunzitsi Wopuma: Moni nonse apagulu. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete, lero ndati nane nditulutse zanga. Ndili ndi zaka 62, ma ARV ndinayamba mu 2007 ndipo sindidumphitsa. Kachilombo kanasiya kuoneka m'magazi kalekale. Koma tulo ndiye tandithawa. Ndimagona cha m'ma 9, ikangokwana 2 koloko maso gwa, mpaka kucha. Masana ndimangowodzera pampando ngati nkhuku yachitopa. Sabata yatha adokotala anandiyeza magazi n'kunena kuti CRP yakwerako, ati m'thupi mwanga muli kutupa. Nditafika kunyumba ndinadziyang'ana miyendo, nkhope, mimba, palibe potupa. Kenako akuti ndiziyenda ndawala tsiku lililonse. Munthu wosagona, wotopa kale, ayendenso? Zikugwirizana bwanji zimenezi?

Mayi wa Atatu: Aphunzitsi, mwandilankhulira. Ine 3 koloko ndi nthawi yanga. Ndimawerenga malata a denga mpaka ndinawaloweza.

Dalaivala Wakale: Tizingopanga gulu lina la anthu odzuka 2 koloko basi, tizichezerana 😂

Telala: Musanapite patali abambo, mankhwala mumamwa nthawi yanji?

Mphunzitsi Wopuma: 8 koloko usiku. Chiyambire ndi nthawi yomweyo.

Telala: Ndinadziwa. Ine ndinavutika chaka chathunthu ndi chinthu chomwechi. Kale tikumwa aja okhala ndi efavirenz anatiuza kuti tizimwa pogona chifukwa ankazunguza mutu, ndipo maloto ake mukuwakumbuka, ine ndinalotapo ndikusoka diresi la njovu. Atatisinthira ku dolutegravir palibe anandiuza kuti nthawi ingasinthenso, ndinangopitiriza usiku mwachizolowezi. Tsiku lina ndikudandaula kuchipatala, namwino wina anangofunsa funso lomwe ndakufunsanili. Anandisunthira m'mawa. Patatha milungu iwiri ndinayamba kugona ngati mwana.

Namwino: Atelala anena zoona, ndipo ndi pabwino kuyambira. Dolutegravir ndi mankhwala amphamvu, bungwe la WHO linawaika patsogolo mu 2019, koma kwa anthu ena amasowetsa tulo, ndipo kumwa m'mawa kumathandiza ambiri. Chonde musasunthe nokha nthawi, kauzeni akuchipatala akuuzeni kasinthidwe kake kuti pasakhale tsiku lodumpha.

Tsono za kutupa kosaonekako. Mawuwa amasokoneza chifukwa tikamva kutupa timaganiza za chithupsa kapena bondo lobinya. Chomwe adokotala ankanena ndi chitetezo cha m'thupi chomwe sichikupuma. Mukadzicheka chala, asilikali a m'magazi amathamangira pamenepo, pamafiira, pamatentha, chilonda chikapola amabwerera. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kwa ife okhala ndi HIV (inenso ndikumwa, chaka cha 16 chino) asilikaliwo sabwerera onse. Ma ARV amazimitsa malawi, koma pansi pa phulusa makala amakhala akunyekabe.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Kachilombo kamabisala m'maselo ena momwe mankhwala sangakachotse. Chachiwiri, m'masabata oyamba munthu atangotenga, kachilombo kamawononga kwambiri chitetezo cha m'matumbo, ndiye khoma la matumbo limatsala lofooka, tizidutswa ta mabakiteriya timadutsa n'kulowa m'magazi, chitetezo n'kumangokhala chili chilili. Onjezanipo ukalamba, womwe pawokha umakweza kutupa kotereku ngakhale kwa munthu wopanda HIV. CRP yomwe anakuyezaniyo imapangidwa ndi chiwindi chikalandira uthenga woti kwinakwake kuli nkhondo.

Mphunzitsi Wopuma: Anamwino, ndiye kuti zaka zonsezi ndimadzinamiza kuti ndili bwino?

Namwino: Ayi abambo, muli bwino ndithu, ndipo mankhwalawo ndiwo achita ntchito yaikulu. Pali kafukufuku wotchedwa SMART, wa anthu oposa 5,000, yemwe ankayesa ngati munthu angamapumire ma ARV chitetezo chikakwera. Anamuimitsa mu 2006 chifukwa opumirawo ankadwala ndi kumwalira kwambiri kuposa omwa mosalekeza, ndipo sanali matenda a Edzi okha, analinso a mtima, impso ndi chiwindi. Atayeza magazi omwe anasunga, anapeza kuti omwe IL-6 (chizindikiro china cha kutupa) ndi D-dimer (chizindikiro cha kuundana kwa magazi) zinali zokwera ndiwo anali pachiopsezo chachikulu. Kuyambira pamenepo madokotala anayamba kusamala za kutupaku. Phunziro loyamba linali lakuti mankhwala sapumiridwa.

Komanso CRP ya tsiku limodzi isakusowetseni mtendere. Chimfine, dzino lobooka, fodya, kunenepa pamimba, zonsezi zimaikweza. Ikapitirira 10 nthawi zambiri timayamba tafufuza matenda ena omwe alipo panthawiyo. Pemphani adzakuyezeninso pakapita milungu ingapo muli bwinobwino.

Dalaivala Wakale: Fodya mwamutchula dala kuti ndimve ine.

Namwino: Ndinakuonani kuti mulipo achimwene 😄 Ndipo sindikuseka, kwa munthu yemwe kachilombo sikakuoneka, fodya angamudulire zaka zambiri kuposa HIV yeniyeniyo.

Agogo a Mapasa: Ine ndili ndi dandaulo ndi nkhani ya kuyendayi. Aliyense amangoti yendani, yendani. Mapazi anga anaonongeka nthawi ya stavudine, mankhwala aja anatichotsa masaya aja. Anasiya kupereka koma dzanzi silinachoke. Usiku mapazi amatentha ngati ndaponda moto, bulangete likangokhudza zala ndimadzuka. Masana pansi sindimva bwino, chaka chatha ndinagwa pakhomo penipeni n'kuthyoka dzanja. Ndiye wina wa zaka 30 atavala nsapato zothamangira azindiuza za mphindi 150? Mundikhululukire, zimandikwiyitsa.

Mayi wa Atatu: Pepani agogo. Kugwa kumeneko n'koopsa.

Namwino: Agogo, kukwiya kwanu n'komveka, ndipo ife achipatala timalakwitsa pomangotchula nambala ngati tikuwerenga chikwangwani. Nambalayo ndi yoona: malangizo a WHO a 2020 amati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zoyendetsa thupi mpaka mtima kugunda mofulumirako, ndi masiku awiri olimbitsa minofu, ndipo anatchulamo anthu okhala ndi HIV. Koma malangizo omwewo amati wazaka 65 kupita m'tsogolo azichitanso zomuthandiza kuima mosadzandira masiku atatu pa sabata, komanso kuti pang'ono n'kwabwino kuposa kusachita kalikonse. Kwa inu poyambira si msewu ayi. Ndi mpando wolimba wotsamira kukhoma. Khalani, imirirani, khalani, imirirani, kasanu. Gwirani tebulo n'kuima ndi mwendo umodzi, muwerenge mpaka 10. Nyamukani pa zala, tsikani. Ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana kuphazi, chifukwa phazi ladzanzi limalasidwa mwini wake osadziwa. Za kutentha kwa usikuko kauzeni adokotala, mankhwala ochepetsa ululu wa mitsempha alipo, ndipo akuyezeninso shuga ndi vitamini B12, si zonse zomwe zili za stavudine.

Agogo a Mapasa: Za mpandozo ndingathe. Adzukulu aziseka koma ndingathe.

Wakale wa Mpira: Asekeni nawo agogo, kenako muwauze achite nawo, muone amene ayambe kutopa.

Ine ndifotokoze zanga, mwina zithandiza aphunzitsi. Ndinkasewera mpira ndili mnyamata, ndiye nditafika zaka 57 n'kuuzidwa za BP, ndinati ndibwerere mwakale. Tsiku loyamba ndinathamanga ngati ndikuthawa galu. Masiku anayi otsatira ndinkatsika bedi chokwawa. Choipa kwambiri, ndinkathamanga usiku cha m'ma 8, pofika kunyumba thupi lili juu, mtima uli thithithi, tulo osabwera mpaka pakati pa usiku. Ndinasiya n'kumauza anthu kuti masewera amaononga tulo. Mkazi wanga ndiye anandikoka, iye amayenda m'mawa dzuwa likamatuluka. Tinayamba ndi mphindi 10 kupita, 10 kubwerera. Muyeso wathu ndi wapafupi: ngati tikutha kucheza koma sitingathe kuyimba, liwiro lili bwino. Tikayamba kukangana ndiye kuti tikuyenda pang'onopang'ono kwambiri, mpweya watsala wambiri. Pano timakwanitsa mphindi 40, ndipo ikamakwana 9 usiku ndimakhala ndikugwera m'mbale.

Mphunzitsi Wopuma: Koma achimwene, funso langa lija likadalipo. Kutopa ndili nako kale. Mphamvu zoyendera ndizitenga kuti?

Wakale wa Mpira: Sabata yoyamba simuzipeza, ndisakunamizeni. Mumangodzikoka. Kutopa kokhala pampando ndi kutopa koyenda n'kosiyana. Koyambako kumakulemetsa mutu koma sikugonetsa. Kwachiwiriko kumagonetsa.

Namwino: Ndiwonjezere chifukwa chake. Tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri. China ndi njala ya tulo yomwe imaunjikana munthu akakhala maso ndi kugwiritsa ntchito thupi. Mukawodzera maola awiri masana pampando, njala ija mwaidya kale, usiku mutsala ndi zochepa, n'chifukwa chake 2 koloko mwadzuka. China ndi wotchi ya m'thupi, yomwe imatcheredwa ndi kuwala kwa m'mawa kolowa m'maso. Kuyenda panja m'mawa kumakonza zonse ziwiri nthawi imodzi.

Ndipo tulo ndi kutupa zimakokana. Anthu osowa tulo kwa nthawi yaitali amapezeka ndi CRP ndi IL-6 zokwera, ndipo kutupako nakonso kumasokoneza tulo ndi kufooketsa thupi, monga mmene mumamvera mukamadwala malungo. Munthu wofooka sayenda, wosayenda amaunjika mafuta pamimba, mafuta apamimba nawo amatulutsa zoyambitsa kutupa. Mukuona mmene chingwe chikuzungulira.

Chinandidabwitsa ine nditachimva koyamba n'chakuti minofu ikamagwira ntchito imatulutsanso IL-6 yomweyo. Anazipeza ndi Bente Klarlund Pedersen ndi anzake ku Copenhagen cha m'ma 2000. Koma yotuluka m'minofu imakwera kanthawi kochepa n'kutsika, ndipo imadzutsa zinthu zina zoziziritsa kutupa. Yoipa ndi ija yongokhala pamwamba usana ndi usiku.

Wofunsa Mafunso: Anamwino, ndifunse mosapsatira. Kodi zinatsimikizika kuti munthu wa HIV akamachita masewera CRP imatsika? Chifukwa pagulu pano timamva zambiri.

Namwino: Funso labwino. Zomwe zinaoneka mobwerezabwereza kwa anthu okhala ndi HIV ndi izi: mphamvu za minofu zimakwera, mtima ndi mapapo zimalimba, maganizo amapepuka, ndipo masewera satsitsa CD4 kapena kukweza kachilombo. Pa manambala a kutupa zotsatira n'zosakanikirana, kafukufuku wina anaona kutsika, wina sanaone kusintha, ndipo ambiri anali a anthu ochepa kwa miyezi yochepa. Choncho sindingalonjeze aphunzitsi kuti akayenda miyezi itatu pepala lisintha. Ndingawalonjeze kuti adzakwera masitepe mosapumira panjira.

Wofunsa Mafunso: Yankho lotere ndiye ndimalikhulupirira.

*[Uthenga wachotsedwa ndi woyang'anira gulu]*

Woyang'anira Gulu: Ndachotsa uthenga wa munthu wotsatsa ufa womwe akuti umatsuka kutupa m'masiku 7. Lamulo lathu mukulidziwa, pano sitigulitsa. Kachiwiri ndikutulutsani.

Telala: Mwachita bwino. Anthu amenewa amanunkhiza mawu oti kutupa ali kutali.

Namwino: Ndipo si nkhani ya ndalama yokha. Zinthu zokhala ndi calcium, iron kapena magnesium, ngakhale mankhwala ena a chilungulira, zimagwira dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Ngati adokotala akupatsani zoterezi, lamulo lake ndi kumwa dolutegravir maola 2 musanamwe zinazo, kapena maola 6 mutamwa. Ufa wosadziwika muli chiyani, ndani angakuuzeni? Chinanso, poti tikukamba za miyendo yowawa: omwe mankhwala anu ali ndi tenofovir musazolowere ibuprofen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku, zonsezi zimalemetsa impso.

Mayi wa Atatu: Ine ndibweze nkhani kwa ife amayi, chifukwa abambo mwailanda. Ndili ndi zaka 51, kusamba kwayamba kudumphadumpha. Usiku ndimadzuka thukuta lili kamukamu, ndisinthe malaya, nditembenuze pilo, tulo tapita. Koyamba ndinachita mantha kuti TB yabweranso, chifukwa mu 2010 inayamba chonchi. Anandiyeza, palibe. Koma palibe anandifunsapo za kusamba mpaka ndinazitchula ndekha. Zaka zonsezi akangoona viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) ili bwino amati pitani, tionana miyezi isanu ndi umodzi.

Agogo a Mapasa: Mwana wanga, zimenezo ndinadutsamo. Zimatha, koma zimatenga nthawi yake. Gona ndi zovala zopyapyala, madzi akhale pafupi.

Namwino: Munachita bwino kukayezetsa amayi, thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa, kutentha thupi kapena kuonda sitilitenga mwachibwana. Ndipo dandaulo lanulo n'loona, zipatala zathu zinazolowera kuthamangitsa kachilombo, pano odwala akukalamba ndipo mafunso akuyenera kusintha. Kwa inu kunyamula zolemerako n'kofunika kwambiri, chifukwa kusiya kusamba kumafewetsa mafupa, HIV nayo imatero, tenofovir wakale uja nayenso amachotsako pang'ono. Mabotolo awiri a madzi a malita awiri akukwanira poyambira.

Dalaivala Wakale: Nanga ine amene akazi anga anasamukira chipinda china chifukwa cha mkonono? Ndimagona maola 8 athunthu koma ndimadzuka ngati andimenya. Mutu kuwawa, kukamwa gwa.

Wakale wa Mpira: Alamu anathawa injini ya lole 😂

Namwino: Sekani koma ili ndi vuto lenileni. Achimwene, afunseni alamu ngati mumasiya kupuma pakati pa mkonono kenako n'kudzidzimuka ngati mwatsamwa. Ngati ndi choncho, njira ya mpweya imatsekeka mukagona, mpweya wabwino umatsika m'magazi kambirimbiri usiku umodzi, ndipo zimenezi zimakweza BP ndi kutupa komwe tikukambaku. Kunenepa pakhosi ndi pamimba kumawonjezera, ndipo tikudziwa kuti ena anenepa atayamba dolutegravir. Kugona chammbali, kuchepetsa thupi ndi kusiya mowa wamadzulo zimathandiza, koma kayezetseni. Ndipo inu makamaka musayerekeze kumwa diazepam kapena mapiritsi ena ogonetsa, amafooketsa kupuma, ndipo kwa achikulire amagwetsa popita kubafa usiku.

Dalaivala Wakale: Ndawafunsa pompano. Akuti amawerenga mpaka 15 ndisanapumenso, n'chifukwa chake anasamuka, ankaopa kudzuka ndi maliro. Zaka zitatu osandiuza!

Mayi wa Atatu: Mukanamva inu? Pitani kuchipatala achimwene.

Mwana Wosamalira Bambo: Pepani kulowerera akuluakulu, ine ndili pano chifukwa cha bambo anga a zaka 70. Iwo amakana kuyenda chifukwa akuti akaonda anthu ayambanso kuwaloza ngati kale. Thupi lomwe ali nalo pano amalinyadira, akuti analivutikira. Ndiwauze bwanji?

Agogo a Mapasa: Usawakakamize mwanawe. Iwe sunaone mmene tinalili. Munthu amene anafikapo pa makilogalamu 38, mimba kwa iye ndi mendulo. Usawauze zochepetsa thupi. Uwauze kuti akuperekeze, ukufuna kucheza nawo. Akafika panjira miyendo idzakumbuka yokha.

Mphunzitsi Wopuma: Agogo anena zomwe ndimaopa kunena. Inenso mantha amenewo ndili nawo pansi pamtima. Ndipo ndikadzuka 2 koloko si thupi lokha. Ndimayamba kuwerenga anzanga omwe tinkakhala nawo pamzere mu 2007, amene alipo ndi amene kulibe. Mutu ukayamba zimenezo sungauzimitse.

Telala: Apa ndiye mwafika pa chenicheni abambo. Ine mlangizi anandiphunzitsa kuti ndikaona kuti papita nthawi ndili maso, ndidzuke, ndikakhale pampando ndi kuwala kochepa, ndichite chinthu chosasangalatsa kwenikweni, ine ndimasomola ulusi pa zovala zakale, tulo tikabwera ndibwerere. Akuti bedi lisazolowere kukhala bwalo la milandu. Foni ayi. Ndipo nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi ngakhale usiku unali woipa. Masiku oyamba zimawawa.

Namwino: Njira imeneyo ndi mbali ya chithandizo chosintha maganizo ndi zizolowezi za kagonedwe chotchedwa CBT-I, ndipo ndi chomwe madokotala amalangiza poyamba pa kusowa tulo kokhalitsa, mapiritsi asanabwere. Koma aphunzitsi, kudzuka m'bandakucha ndi maganizo olemera, kutopa, kusakondwa ndi zomwe munkakonda, nthawi zina ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mukapita mukanene mawu omwe mwalemba apawa, osangoti tulo tikuvuta. Khofi ndi tiyi zithere masana, chifukwa theka la caffeine limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi 5.

Popeza muli ndi zaka 62, kafunseninso za statin, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi. Kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu 7,769 okhala ndi HIV a zaka 40 mpaka 75, anapeza mu 2023 kuti piritsi la pitavastatin tsiku lililonse linachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti, mwa anthu omwe sankaoneka kuti ali pachiopsezo chachikulu. Adokotala ndiwo asankhe mtundu wake, chifukwa ma statin ena monga simvastatin sagwirizana ndi ma ARV okhala ndi ritonavir. Ndipo kwa nonse oyamba kuyenda: chifuwa chikathina, mukachita chizungulire kapena befu wachilendo, imani, kaonaneni ndi adokotala musanapitirize.

Mphunzitsi Wopuma: Ndalemba zonse m'kope ngati mwana wa sukulu. Ndipita Lachinayi.

Mphunzitsi Wopuma: Apagulu, ndabweranso patatha milungu isanu. Mankhwala anandisunthira 7 koloko m'mawa. Ndikangomwa ndimatuluka, pano ndafika mphindi 25, ngakhale masiku amvula ndimajomba. Kuwodzera kwa masana ndinakudula kufika mphindi 20, ndimatchera alamu, ndipo sabata yoyamba ndinkafuna kuiponya pawindo. Kudzuka 2 koloko kwasanduka 4 koloko, masiku ena mpaka 5. Maganizo aja amabwerabe, andilembera kukaonana ndi mlangizi mwezi wamawa. CRP sanabwerezebe. Bondo lamanzere layamba kulira ndikamatsika chitunda.

Wakale wa Mpira: Fupikitsani mapazi potsika, ndipo onani nsapato ngati sinadyeke mbali imodzi. Likatupa kapena kutentha, kalionetseni.

Agogo a Mapasa: Ine pampando ndafika 9 osagwira. Mapasa amawerenga mokweza, wina amabera, amadumpha 6.

Dalaivala Wakale: Ine andipatsa tsiku lokagona kuchipatala atandimangirira mawaya. Akazi anga akufunsa ngati angapite nawo akaonere.

Mayi wa Atatu: Aphunzitsi, 4 kolokoyo mukadzuka mundipeza, ine sindinasunthe pa 3. Atelala, ulusi uja mumasomola ndi chiyani, lezala kapena kasizasi?